Funsani Akatswiri: Nkhono za M'mwala Zinachokera Kuti?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kunyanja, ku Salima ndi ku Nkhotakota, ndipo nkhani yake ndi imodzi: zigoba za nkhono, mafupa ndi tinthu tina tooneka ngati tinali tamoyo, timene anthu akutipeza m'miyala ndi pansi pa nthaka. Oyankha ndi akatswiri a za miyala amene amatithandiza patsamba lino. Makalata aatali tawadula.

FUNSO: Ndimakumba zitsime ku Chipoka ndi midzi yozungulira. Mwezi watha titafika mamita 7, piki inagunda mwala wotuwa wodzaza nkhono zomatana ndi mchenga. Pamalopo ndi patali ndithu ndi nyanja. Mnzanga akuti umenewu ndi umboni woti kale kuno kunali nyanja yamchere ngati ya ku Beira. Zoona? — *Wokumba zitsime, Chipoka*

YANKHO: Bambo, mnzanuyo wanena zoona pa mfundo imodzi: pamalopo panalidi madzi. Koma sanali amchere. Nkhonozo inazisiya ndi nyanja yathu yomweyi.

Dera lonse lathyathyathya la m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Chipoka kudzera ku Salima mpaka ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa, ndi mchenga, matope ndi dongo zimene nyanja inayala mothandizana ndi mitsinje monga Linthipe ndi Bua. Gombe limayenda. Pakati pa 1915 ndi 1935 madzi anatsika mpaka Shire analeka kutuluka m'nyanjamo. Mu 1980 anakwera kwambiri, ndipo mu 2024 analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Senga Bay. Komatu kumeneko n'kusintha kwa mamita ochepa chabe. Mu 2005 akatswiri anaboola pansi pa nyanja, pamalo akuya mamita pafupifupi 590, n'kutulutsa matope a mamita 380 kutsika pansi. Matopewo anaonetsa kuti nyanjayi yaphwa ndi kudzaza kambirimbiri, ndipo pa zilala zoopsa za pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo madzi anatsika ndi mamita oposa 500. Nthawi zina ankakwera kupitirira pamene ali lero, ndipo pamalo osalala ngati Chipoka, madzi akangokwera mamita atatu gombe limalowa kutali kumtunda. Madzi saiwala khwawa. Dothi la mamita 7 limene munadutsalo ndi limene mitsinje inadzakwirira nalo gombe lakalelo.

Mukhoza kutsimikiza nokha. Gumulani kachidutswa, kagone m'madzi usiku wonse, m'mawa mukatsuke ndi mswachi wakale. Kenako katoleni zigoba za lero kugombe, muziyale pambali pake. Mupeza mitundu yomweyo: tija tatitali tosongoka ta masentimita awiri kapena atatu, totchedwa Melanoides, zija zonenepa zozungulira za Lanistes, zimene mukaloza nsonga kumwamba khomo lake likuyang'ana inu, khomolo limakhala kumanzere, ndi zija za zigoba ziwiri zotsekana, zopyapyala, zonyezimira m'kati. Nkhono ya m'nyanja yamchere imadziwika ndi anzake amene yagona nawo: makorali (tizilombo tomanga miyala yanthambi pansi pa nyanja), ammonite (nyama yamakedzana ya chigoba chozungulira ngati nkhata), ndi tizilombo tozungulira taminga totchedwa sea urchin. Zitatuzi sizinakhalepo m'madzi opanda mchere, ndipo m'chitsime cha ku Chipoka simudzazipeza.

Chimene chamata mchengawo ndi laimu. Chigoba cha nkhono n'chalaimu. Madzi apansi amachisungunula pang'onopang'ono, ndipo akatsika m'chilimwe laimuyo amatsalira pakati pa mchenga n'kuuma gwa ngati simenti. Izi sizilira zaka mamiliyoni, mazana kapena masauzande ochepa akwana. Palani pang'ono ndi mpeni, dontheza viniga wa m'sitolo kawiri kapena katatu: muona tithovu tikutuluka. Thovulo likungonena kuti muli laimu, silinena zaka.

Kunena za ntchito yanu, mwala wotere umanyenga. Pansi pake kawirikawiri pamakhala mchenga wosagwirana wodzaza madzi. Mukauboola musanatsitse maringi a konkire, mchengawo umayenderera kulowa m'dzenje, khoma limatsala lili lende, kenako limakugwerani. Tsitsani maringi kaye, muzikumba muli m'kati mwa ringi kuti izitsika yokha ndi kulemera kwake. Mwini chitsime mumuuziretu kuti madzi odutsa m'nkhono amachedwa kuchita thovu ndi sopo ndipo amasiya zoyera m'ketulo. Si matenda ayi, ndi laimu yemweyo.

FUNSO: Ndine mphunzitsi pasekondale ina kuno ku Salima. Ana akaona zithunzi za zamoyo za m'nyanja yamchere zosanduka mwala, zija timati fossil, amafunsa kuti malo oyandikira kumene zimapezeka ndi kuti, nanga zinakwera bwanji kumtunda. Ndipatseni chitsanzo chenicheni cha kuno ku Africa. — *Mphunzitsi, Salima*

YANKHO: Aphunzitsi, chitsanzo chokoma chili kwa anansi athu ku Tanzania, pakaphiri ka Tendaguru, makilomita pafupifupi 60 kuchokera kudoko la Lindi. Kamatchuka ndi mafupa a dinosaur, zinyama zikuluzikulu zamakedzana, koma wofuna mbiri ya nyanja ayang'ane nkhono zimene zagona pakati pa mafupawo.

Miyala ya pamenepo, yotchedwa Tendaguru Formation, ndi yokhuthala mamita oposa 100, ndipo ili m'zigawo zisanu ndi chimodzi zosanjikizana ngati mphasa: yapansi ndiyo inayamba kuyalidwa. Chigawo choyamba, chachitatu ndi chachisanu ndi matope ndi mchenga wosalala wa m'madambo a kufupi ndi gombe, ndipo m'menemo ndimo muli mafupa a dinosaur. Zitatu zinazo ndi mchenga wa pansi pa nyanja yamchere yosaya kwambiri, ndipo anazitcha mayina a nkhono zimene zadzazamo. Chapansi ndi cha Nerinella, nkhono yaitali yosongoka ngati msomali. Chapakati ndi cha Indotrigonia africana, ya zigoba ziwiri zokhuthala, zangodya zitatu, za nthiti zotukuka. Chapamwamba ndi cha Rutitrigonia, m'bale wake wa yomweyo. Pamodzi nazo pali ammonite, makorali ndi belemnite, timiyala tooneka ngati chipolopolo timene tinali fupa la m'kati mwa nyama yofewa yamikono yambiri, yofanana ndi squid. Zigawo zapansi n'zazaka zoposa 150 miliyoni, chapamwamba n'chazaka pafupifupi 130 miliyoni.

Tsono auzeni anawo awerenge kuchokera pansi: mtunda, nyanja, mtunda, nyanja, mtunda, nyanja. Nyanja inabwera katatu, n'kumabwerera pakatipo, ma dinosaur n'kumadzadya msipu pamene panali madzi. Nkhono za ulendo wachitatu n'zosiyana ndi za ulendo woyamba, pakuti pakati pake panadutsa zaka mamiliyoni, mitundu ina inatha, ina inabadwa. Madzi osefukira kamodzi sangayale zinthu motere.

Nanga nyanjayo inkatani kumeneko? Poyamba Africa, South America, India, Madagascar, Antarctica ndi Australia anali mtunda umodzi wotchedwa Gondwana. Cha m'ma zaka 165 miliyoni zapitazo Madagascar, atagwirana ndi India, anayamba kung'ambika kuchoka m'mbali mwa Somalia, Kenya ndi Tanzania, kutsetserekera kummwera. Madzi amchere analowa mumng'alumo n'kumiza m'mphepete monse. Patapita nthawi mtunda unatukuka, nyanja inabwerera, mvula inakokolola zapamwamba, zigawo zija n'kuonekera. Choncho nkhono sizinakwere phiri; ndi pansi pa nyanja pamene panakwera. Mwana wokayika muuzeni za Everest: pansonga pake, mamita 8,849, pali mwala walaimu wokhala ndi zamoyo za m'nyanja za zaka zoposa 450 miliyoni, umene unakankhidwira kumwamba India atagunda Asia.

Mbiri ya kukumbako ndi yofunikanso ana aimve. Ajeremani anakumba pamenepo kuyambira 1909 mpaka 1913, motsogozedwa ndi Werner Janensch ndi Edwin Hennig, ndipo anatumiza ku Berlin matani oposa 200 a mafupa. Onsewo anawasenza ndi anthu, wapansi, ulendo wa masiku angapo kukafika ku Lindi. Mafupa ankawakulunga m'dongo ndi udzu n'kuwamanga m'nsungwi, ting'onoting'ono ankatiika m'zigoba za malambe. Giraffatitan (mtundu wa dinosaur) wa msinkhu wa mamita 13 amene waima m'nyumba yosungira zakale ku Berlin anachokera pamenepo. Kapitawo wa okumbawo anali Boheti bin Amrani, koma panatenga mpaka 2007 kuti dinosaur imodzi ipatsidwe dzina lake, Australodocus bohetii.

Kuno kwathu nyanja imeneyo sinafike. Salima ili makilomita oposa 500 kuchokera ku Indian Ocean, ndipo kale lomwelo dera lino linali mtunda wam'kati. Miyala ya m'Malawi yosunga zamoyo zakale ndi ya m'mitsinje, m'madambo ndi m'nyanja zopanda mchere. Kuzungulira Livingstonia ndi Chiweta kuli miyala ya Karoo, ya malasha, masamba a mtengo wa Glossopteris ndi nyama zazaka zoposa 250 miliyoni. Ku Mwakasyunguti ku Karonga kuli miyala ya m'mitsinje ya zaka zoposa 100 miliyoni, kumene kunatuluka Malawisaurus (mtundu wa dinosaur), amene mafupa ake oyamba anafotokozedwa mu 1928 n'kupatsidwa dzina limeneli mu 1993, komanso kang'ona ka Malawisuchus kamene katswiri wathu Elizabeth Gomani anakafotokoza mu 1997. Ngati sukulu ingapeze ya basi, ulendo woyenera ndi wa ku Cultural and Museum Centre ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Kungoti musawalonjeze anawo ammonite ya m'Malawi.

FUNSO: Mjigo wa m'mudzi mwathu umatulutsa madzi amchere, pamene wa mudzi woyandikana nawo uli bwinobwino. Anthu akuti mcherewo unasiyidwa ndi nyanja yaikulu yakale. — *Mayi wa komiti ya mjigo, Salima*

YANKHO: Mayi, mcherewo ndi wa pompo. Madzi onse apansi amatenga timchere m'miyala ndi m'dothi limene adutsamo. Pamene pali makande madzi sayenda msanga, dzuwa la kunyanja limawaumitsa chaka ndi chaka, mchere n'kumatsala, n'kumachuluka. Kwina mjigo umagunda mng'alu umene umakweza madzi akuya, okhalitsa m'miyala yotentha. Akasupe otentha a ku Mawira ku Nkhotakota amatulukira m'ming'alu yotere, ndipo chivomerezi cha ku Salima cha mu Malichi 1989 chinatikumbutsa kuti ming'aluyo ikadali yamoyo. N'chifukwa chake mijigo iwiri yoyandikana imasiyana kakomedwe. Kuwiritsa sikuchotsa mchere, kumangouwonjezera mphamvu, ndipo klorini amapha tizilombo basi. Tungani lita imodzi m'botolo loyera, mutapopa kaye kwa mphindi zisanu, mupite nayo ku ofesi ya zamadzi ya paboma kuti akayeze. Ngati mano a ana a m'mudzimo akuchita mawanga ofiirira, nenani kuti ayezenso fluoride.

FUNSO: Ndimaswa miyala ya kwale kufupi ndi phiri la Senga. Nthawi zina ndikaswa ndimapeza zithunzi zakuda ngati timitengo tanthambi. Wina anandiuza kuti ndi zomera zamakedzana, ndizisunga zidzandipatsa ndalama. — *Woswa miyala, Senga Bay*

YANKHO: Achimwene, pepani, pamenepo palibe ndalama. Timitengoto dzina lake ndi dendrite. Madzi okhala ndi chitsulo chotchedwa manganese amalowa mumng'alu wopyapyala wa mwala, ndipo akamauma amasiya utoto wakuda womwazika ngati nthambi. Yang'anitsitsani: chithunzicho chili pankhope ya mng'alu pokha, chilibe msinkhu, chilibe tsamba ngakhale mtsempha wa tsamba, ndipo mukapala ndi mpeni chimachoka ngati mwaye.

Mwala wa mapiri a ku Senga sungasunge chamoyo chilichonse. Unali phala lamoto lotentha madigiri oposa 700, pansi penipeni, ndipo unazizira pang'onopang'ono zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo. Timaso tonyezimira tolowanalowana timene mumationa, toyera, tofiirira ndi takuda, tinamera phalalo likuzizira. Palinso mwala wamizeremizere wotchedwa gneiss umene wadzaza m'mapiri a kumtunda kwa Salima. Mizere yake imaoneka ngati zigawo zoyalidwa ndi madzi, koma inabwera chifukwa chophikidwa ndi kufinyidwa. Mwala woyenera kufufuzamo ndi umene mukaukhutiza ndi chala umayoyoka mchenga, kapena umene umasweka mopyapyala ngati mabuku osanjikiza.

Pali onyenga ena awiri amene timalandira kawirikawiri: timibulu ta lubwe, timene anthu amati ndi mazira kapena mbewu zosanduka mwala, ndi timibulu toyera ta m'makande, timene timachita thovu ndi viniga koma si mafupa. Ngakhale mwala woyera umene anthu amaotcha laimu ku Balaka mulibe nkhono. Unayamba ngati matope alaimu a pansi pa madzi, koma unaphikidwa mpaka zonse zinafufutika.

Chimene chili m'mwala wanu chofunika kuchisamala ndi fumbi lake. Lili ndi silika amene amakhazikika m'mapapo osatulukanso, ndipo chifuwa chake chimayamba patapita zaka. Nyowetsani mwala musanaswe, khalani kumene mphepo ikuchokera, valani chotseka mphuno ndi pakamwa.

FUNSO: Ndili mu Fomu 3. Kodi nkhono imasanduka bwanji mwala? Nanga akamati zaka 150 miliyoni, anawerenga ndani? — *Wophunzira, Nkhotakota*

YANKHO: Mwanawe, zamoyo zambiri zikafa sizisiya kanthu: zimaola, zimadyedwa, mafunde amazipera. Kuti chinthu chisungike chiyenera kukwiririka msanga m'matope kapena mumchenga, kumene mpweya sufika. Zikatero, nthawi zina chigoba chimatsala chomwecho, chongotuwa. Nthawi zina madzi apansi amalowa m'timabowo ta fupa kapena ta mtengo n'kusiyamo laimu kapena silika mpaka chinthucho chilemera ngati mwala. Koma njira yofala pa nkhono ndi imene woumba njerwa aliyense angaimvetse. Matope amauma mozungulira chigoba, chigobacho chimasungunuka, pamatsala chikombole. Chikombolecho chikadzaza matope ena kapena laimu, pamatuluka njerwa ya maonekedwe a nkhono, mwini wake atachoka kalekale.

Kayese kusukulu. Tenga dongo lofewa lokhuthala masentimita 4. Paka chigoba mafuta ophikira pang'ono, uchidinde m'dongomo mpaka theka, uchizule mowongoka. Sakaniza kapu imodzi ya simenti ndi makapu awiri a mchenga wosefa, uzithira madzi pang'onopang'ono mpaka zikhale ngati phala lolimba. Thira m'chikombolemo, gogoda m'mbali kuti mpweya utuluke, funditsa pepala lapulasitiki masiku atatu. Ukaiwala mafuta, dongo limakakamira kuchigoba ndipo mizere yake sioneka. Ukachulutsa madzi, chimatuluka chofumbutuka. Ukadinda kupitirira theka, chigoba chimang'amba khomo la chikombole pozula.

Nyanja yathu ikuchita zomwezi lero lino. Kupitirira mamita 250 kutsika pansi mulibe mpweya wopuma, choncho mulibe nsomba kapena nkhanu zofukula matope. Mamba ndi minga ya nsomba, pamodzi ndi tizomera tosaoneka ndi maso totchedwa diatom, zimagona phee, mzere pamwamba pa mzere.

Za zaka, palibe amayerekeza ndi maso. Chamoyo chilichonse chimatenga m'thupi mwake mtundu wina wa kaboni wotchedwa kaboni 14, ndipo chikafa theka la kaboniyo limatha pa zaka 5,730 zilizonse. Njira imeneyi imathera pa zaka pafupifupi 50,000, ndiye ingathandize pa nkhono za m'chitsime koma pa dinosaur n'njopanda ntchito. Pa zakale kwambiri amafunafuna phulusa la mapiri ophulika limene linagwera pakati pa zigawo. M'phulusamo mumakhala timiyala ta zircon tokhala ndi uranium, amene amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika: theka la uranium 238 limatenga zaka 4,470 miliyoni. Akayeza phulusa la pansi pa fupa ndi la pamwamba pake, zaka za fupalo zili pakati.

Pamene palibe phulusa amafanizira mitundu ya zamoyo. Apa ammonite ndiye katswiri: mitundu yake inkasintha msanga ndipo inkafalikira nyanja zonse, choncho mtundu umodzi ukapezeka ku Tanzania, ku Madagascar ndi ku India, miyala itatuyo ndi ya msinkhu umodzi. Kwathu kuno, chibwano cha munthu wamakedzana chimene chinapezeka ku Uraha ku Karonga mu 1991 anachipeza kuti n'chazaka pafupifupi 2.4 miliyoni pofanizira mano a nguluwe zakale za pamalopo ndi a ku Ethiopia ndi Kenya, kumene phulusa linayezedwa.

FUNSO: Ndimagulitsa ziboliboli kwa alendo. Munthu wina akufuna kundipikulitsa nkhono zamwala zodulidwa pakati, zopukutidwa, zokhala ndi tizipinda m'kati. Akuti amazivuula ku Chia. Ndigule? — *Wamalonda, Nkhotakota*

YANKHO: Bambo, ku Chia kumatuluka chambo, osati zimenezo. Mwafotokoza ammonite, ndipo zopukutidwa zimene zimayenda m'misika zambiri zimachokera kudera la Mahajanga ku Madagascar, m'miyala ya zaka pafupifupi 110 miliyoni. Ammonite si nkhono kwenikweni. Abale ake ndi squid ndi octopus, ndipo inatha zaka 66 miliyoni zapitazo pamodzi ndi ma dinosaur. Imazungulira mwaphwatalala ngati nkhata, ndipo m'kati mwake muli makoma ogawa tizipinda. Nyamayo inkakhala m'chipinda chakukhomo, tinato tinkaithandiza kuyandama. Pamene makomawo akumana ndi chigoba pamaoneka mizere yokhotakhota ngati ya pachigaza. M'madzi athu muli kankhono kaphwatalala ka Biomphalaria, kofalitsa likodzo la m'matumbo, koma sikafika masentimita awiri ndipo kalibe makoma m'kati.

Zina mwa zogulitsidwazo n'zoumba. Tenthetsani singano mpaka ifiire, muigunditse kumbuyo: yapulasitiki imanyungunuka n'kununkha, yamwala siimva kanthu. Ziwiri zikafanana ndendende mpaka ming'alu, zatuluka m'chikombole chimodzi. Zikakhala zenizeni, funsani mapepala osonyeza kumene zachokera. Mukauza mlendo kuti n'za m'nyanja yathu mwamunamiza, ndiponso mwamuika m'mavuto pabwalo la ndege, popeza zakale zofukulidwa m'Malawi sizituluka popanda chilolezo.

Zigoba zenizeni za m'nyanja yamchere zimapezekadi m'nthaka ya ku Nkhotakota, koma zinabwera pamutu pa anthu. Kuyambira m'ma 1840 a Jumbe ankachita malonda pakati pa dera lino ndi Kilwa, ndipo kale iwo asanabwere mikanda yagalasi ndi mbale za ku China zinali zitafika kale kulikulu la Amaravi ku Mankhamba. Mphande zija ankavala mafumu pakhosi anazisema kuchigoba cha m'nyanja yamchere. Chigoba chobooledwa kapena chosemedwa, chopezeka pamodzi ndi mapale ndi makala, chikunena za malonda, osati za nyanja.

FUNSO: Mvula yagumula chigwembe cha m'munda mwanga kufupi ndi Bua, ndipo patulukira fupa lalikulu kuposa la ng'ombe, lofiirira, lolemera. Mbali ina ikadali m'khoma. Ndichite nalo chiyani? — *Mlimi, Nkhotakota*

YANKHO: Bambo, choyamba musalizule. M'dothi la m'mbali mwa Bua fupa lotere kawirikawiri limakhala la mvuu kapena la njovu, la zaka mazana kapena masauzande, ndipo kufiirako ndi dzimbiri la m'madzi apansi. Likhoza kukhalanso lakale kuposa apo. Mukaligogoda pang'ono ndi msomali, losanduka mwala limalira ngati mbale yadothi, laposachedwa limangoti phu. Koma kaya n'lakale motani, chimene akatswiri amawerenga si fupa lokha. Amafuna kudziwa chigawo chimene lagonamo, zimene lagona nazo, ndi kumene laloza. Fupa lofika ku ofesi m'thumba, mwini wake akungoti ndinalitola kumunda, lataya zambiri zimene likananena.

Lijambuleni pafoni katatu: chapatali kuti chigwembe chonse chioneke, chapakati kuti zigawo za khoma zioneke, ndi chapafupi mutaikapo bokosi la machesi loonetsa kukula. Yezani kuchokera pamwamba pa nthaka kufika pafupalo, mulembe. Lifunditseni chiguduli, mukwirire ndi dothi pang'ono, ndipo patulani madzi kumtunda kwa chigwembe kuti mvula yotsatira isalikokolole. Kenako dziwitsani amfumu ndi ofesi ya DC kuti uthenga ufike ku Department of Museums and Monuments. Lamulo la Monuments and Relics Act sililola kufukula, kugulitsa kapena kutulutsa kunja zinthu zotere popanda chilolezo. Ngati funso lili pa mwala osati fupa, oyenera ndi a Geological Survey ku Zomba.

Akabwera mudzadabwa kuchedwa kwawo, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Amakumba mozungulira mpaka fupa litsale pakachulu kakekake, amalifunditsa mapepala onyowa kuti pulasitala asakakamire, amalikulunga ndi nsanza za chiguduli zoviika m'pulasitala katatu kapena kanayi, ndipo likauma amadula kachuluko kunsi n'kutembenuza zonse pamodzi. Fupa lokhala zaka zambiri pansi limakhala ndi ming'alu yosaoneka. Chimene chaligwira ndi dothi, ndipo mukalikoka ndi manja limangoyoyoka.

Zidutswa zimene zagwa kale zitoleni zonse, ngakhale zazing'ono ngati chikhadabo. Musazitsuke, chifukwa dongo la m'ming'alu likamwa madzi limatupa n'kuswa fupa. Ziumitseni pamthunzi kwa sabata, osati padzuwa. Musazipake vanishi kapena penti, musazimate ndi guluu, ndipo asidi wa m'batire asayandikire n'komwe. Kulungani chilichonse pachokha m'nyuzipepala, muikemo kapepala kolemba tsiku, mudzi ndi kuya kwake, ndi pensulo, popeza inki imafufutika ikanyowa. Mukaona kuti pamalopo pakutulukanso mnyanga, musaukhudze ndipo musausunge m'nyumba ngakhale usiku umodzi: kupezeka ndi mnyanga wa njovu ndi mlandu waukulu ngakhale mutautola m'munda mwanu, ndiye itanani a zanyama zakutchire adzautenge okha.